Nkhondo ya Ulusi wa Pamkono pa a Mushon

Khala chete, iwe mtsinje wa Maritsa, ndipo inu mapiri a Rodopi vulani zipewa zanu zoyera, pakuti ndikufuna kunena za chaka chachisanu ndi chiwiri chichokereni zombo zimene zinatenga abale athu pafupifupi onse n'kupita nawo kutsidya la nyanja. Chaka chimene m'sunagoge wa tawuni yathu, momwe kale anthu ankapondana zala polowa, munatsala amuna khumi ndendende, amene mano awo onse pamodzi sakanadzaza pakamwa pa amuna anayi. Chaka chimene kunabuka nkhondo yoti ngakhale mafumu akale amene anasinthana dziko lino ndi malupanga sanaionepo. Nkhondoyo inali ya ulusi, ndipo ulusiwo kutalika kwake unali chikhatho chimodzi.

Ngwazi ya mbali imodzi inali a Mushon Geron, wosoka nsapato, Mdani wa Zidendene Zakutha, Woukitsa Nsapato Zakufa, munthu wamfupi wa mikono yonenepa ngati mikate iwiri. Ngwazi ya mbali inayo inali alamu awo enieni, a Sabetay Konfino, wosunga makiyi a sunagoge, Diso Losaphethira, Mboola-Matikiti, amene anayendera matikiti m'sitima zaka makumi atatu osakhululukira munthu ngakhale mmodzi, ndipo atapuma pantchito anangosamutsira diso lomwelo kunyumba ya Mulungu.

Pakati pa awiriwa panali mayi Zimbul, akazi awo a Mushon, mlongo wawo wa a Sabetay. Chifuwa chinawagwira nthawi yachisanu n'kukana kuchoka, ndipo adokotala anati apite kuchipatala cha kumapiri kumene mpweya ndi wouma. Ananyamuka tsiku loyamba la Malichi, tsiku limene dziko lonse lino, Mkhristu, Msilamu ndi Myuda yemwe, limamangana ulusi wofiira ndi woyera pamkono, woti usamasulidwe mpaka munthu ataona dokowe woyamba akubwera kuchokera kumayiko otentha. Pamalo okwerera basi mayi Zimbul anapisa m'chikwama.

"Bweretsani mkono," anatero.

A Mushon anapereka wamanja.

"Osati umenewo. Winawo."

Anamanga pomwe anthu amavala wotchi, mfundo zitatu, zolimba ngati akumanga thumba la ufa.

"Musamasule mpaka dokowe abwere. Akabwera iyeyo, nanenso ndabwera."

"Nanga akachedwa?"

"Ndiye kuti muzidziwiritsira nokha mazira mpaka Pasika. Komanso muzisintha masokosi, abambo inu, anthu asamaganize kuti ndinafa kale."

Atatero anakokera achimwene awo kuseri kwa basi, ati akawauze za maluwa a pawindo. A Mushon anatsala akuseka. Koma basi itakhota pakona, kuseka kunatha, ndipo mantha anawagwira, mantha enieni, oti mwina basi imeneyo sidzawabweretsanso akazi awo. Asanafike n'kunyumba komwe anali atatsimikiza mumtima kuti ulusi umenewo ukaduka dokowe asanabwere, a Zimbul sabwerera.

Kutacha, amuna khumi aja anasonkhana monga mwa masiku onse, aliyense ndi kathumba kake ka tefilini, timabokosi tiwiri tachikopa chakuda tokhala ndi mawu a Mulungu m'kati. Kamodzi kamakhala pamkono wamanzere pamwamba pa chigongono, lamba wake n'kuzungulira mkono kasanu ndi kawiri mpaka kudzanja, kachiwiri kamakhala pamphumi. Ndipo munthu akamanga ka pamkono sayankhula mpaka atakhazika ka pamphumi, ngakhale ntchentche imulowe m'mphuno. A Mushon anali atangopinda kumene mkono wa malaya pamene Diso Losaphethira linagwa pa ulusi.

"Imani pomwepo, alamu," anatero a Sabetay, n'kukwera pasitepe yoyamba ya gome lowerengera kuti aoneke atali. "Amuna a Isiraeli, otsala a otsala, taonani chimene chalowa m'nyumba muno. Makolo athu anathamangitsidwa ku Sipeini, anaoloka nyanja, anataya nyumba ndi minda, koma lamba wa tefilini anamusunga pakhungu lenileni, popanda kanthu pakati. Lero mwana wa Geron wamanga mpanda pakati pa thupi lake ndi lamulo."

"Mpanda wake uti, alamu? Ndi kaulusi aka."

"Mphete timavula. Wotchi timavula. M'sitima mwanga wopanda tikiti ankatsika, kaya ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono. Ulusi umenewu ulibe tikiti. Komanso si mwambo wathu, ndi wa anthu akunjawa."

Atatero anatulutsa m'thumba kasizasi kodulira zingwe za makandulo, ndipo kanang'anima ngati lupanga.

Pamenepo Woukitsa Nsapato Zakufa anaimirira ndi msinkhu wake wonse, umene sunali wochuluka, nabisa mkono kumbuyo.

"Mvereni, inu zipupa zimene munaona ukwati wanga. Amene wamanga ulusi uwu ndi mlongo wa munthu uyu, wa bere limodzi. Ine Mushon ndasokera munthu uyu nsapato zaka makumi anayi, ndipo mapazi ake ndawapirira osadandaula kwa munthu. Akafuna kudula, ayambe khosi ili."

"Khosi lake lili kuti? Mutu wanu unangokhala pamapewa."

Mlandu unapita kwa agogo Rahamim Pilosof, wowerenga mpukutu wa Chilamulo, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu, ogontha khutu limodzi ndi theka. Anawakuwira funsolo katatu. Agogowo anatsegula buku lalikulu, nanyowetsa chala, nasanthula mpaka khofi wa onse anazizira, kenako anati, "Pakati pa kabokosi ndi khungu pasakhale kanthu, zimenezo palibe wotsutsa. Koma za lamba, anzeru akale anagawikana pawiri." Anatseka buku n'kuyamba kuodzera. Mbali iliyonse inamva kuti yapambana.

"Tachitani chonchi," anatero a Sabetay. "Imani kumbuyoko popanda tefilini, tingokuwerengerani kuti tikwane khumi."

"Ndiime manja lende ngati kamwana kosakwana zaka khumi ndi zitatu? Ine?"

A Mushon anakulunga kathumba kawo, natuluka, chitseko n'kuchisiya pululu kuti mphepo ya Malichi iwabwezerere chipongwe. M'sunagoge munatsala asanu ndi anayi.

Tsono aliyense akudziwa kuti popanda amuna khumi mpukutu wa Chilamulo sutuluka m'kabati mwake, ndipo mwambo wa kwathu ndi woti Lolemba ndi Lachinayi, mpukutuwo uli chitsegulire, m'pamene timatchula dzina la wodwala pamodzi ndi la amayi ake n'kumupempherera. Dzina lokonzeka kutchulidwa linali limodzi lokha, Zimbul mwana wa Luna. Onse awiri ankalidziwa, ndipo aliyense ankadikira kuti mnzake ndiye achite manyazi.

Ndani angathe kufotokoza zoopsa za masiku amene anatsatira? Mtundu unagawikana, Asizasi ndi Aulusi. Kunyumba yomwera khofi, kumene kwa zaka zonse ankakhala patebulo limodzi, anakoka matebulo awiri, ndipo shuga ankadutsa malire pokhapokha atatumidwa kudzera mwa mwini nyumba. Asizasi analumbira kuti sapondanso pakhomo pa wosoka nsapato, moti a Vitali Semo, kazembe wawo wamkulu, anayenda sabata yathunthu nsapato yakumanja ikuwomba m'manja pamsewu, phwa phwa phwa, agalu akuwatsatira. Aulusi nawo sanagone. A Presiado Uziel anabwera kumapemphero atavala wotchi ya malemu bambo awo, yosayenda chiyambireni nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'kuivula pang'onopang'ono pamaso pa a Sabetay akuusa moyo mokweza. Pabwalo la msika ngwazi ziwirizo zinakumana maso ndi maso pa benchi la wogulitsa tchizi, ndipo a Sabetay anagula chidutswa chomwe a Mushon anali atachiloza kale. Olemba mbiri amati imeneyo ndiyo inali nkhondo yoopsa kuposa zonse.

A Mushon ankapemphera okha kunyumba, lamba ali pamwamba pa ulusi, ndipo ankadziuza kuti Mulungu si woyendera matikiti. Koma Lachinayi linadutsa, Lolemba linadutsa, Lachinayi lina linadutsanso, mpukutu uli m'kabati. M'mawa uliwonse asanu ndi anayi aja ankayang'ana kukhomo. A Mushon nawo, tsiku lonse ali pampando wawo wosokera, maso anali pa chumuni cha fakitale yakale ya fodya, pomwe pali chisa cha adokowe, ndipo chisacho chinali chopanda kanthu.

Lamlungu lotsatira wamtengatenga wa kumapiri anabweretsa kalata. Inali yaifupi, ndipo zilembo zinali zopendama kuposa kale. "Kutentha thupi kunabweranso koma kukuchepa. Chakudya cha kuno chilibe chisoni ndi munthu. Lolemba ndi Lachinayi ndimadzuka m'mawa, ndimakhala tsonga pabedi nthawi imene mukutulutsa mpukutu, kuti dzina langa likamatchulidwa lisandipeze ndili chigonere. Mupereke moni kwa achimwene. Masokosi."

A Mushon anaiwerenga kawiri, ndipo manyazi amene ankadikira kuti agwire alamu awo anawagwira iwo. Mkazi wodwala ankadzuka kukhala tsonga kudikira dzina limene palibe ankalitchula. Analira pang'ono, Mdani wa Zidendene Zakutha, misozi n'kugwera pa nsapato ya mphunzitsi wina imene inali pamiyendo pawo. Kudula ulusi sakanatha. Kuima kumbuyo ngati mwana akanatha, ndipo anavomera mumtima kuti mawa akaima. Anapukuta maso n'kupitiriza ntchito, pakuti nsapatoyo inkafunika lamba watsopano. Anatukula kachingwe kopingasa ndi kachitsulo kovalira nsapato, nalowetsa lamba pansi pake, nakoka, monga anachitira kambirimbiri moyo wawo wonse. Kenako manja awo anaima.

Anayang'ana nsapato. Anayang'ana mkono. Lamulo likuletsa kanthu kukhala pakati pa lamba ndi khungu. Za kanthu kokhala pamwamba pa lamba, palibe wanzeru wakale amene anatayirapo inki.

Lolemba m'mawa chitseko cha sunagoge chinatseguka, ndipo Woukitsa Nsapato Zakufa analowa, kathumba ka tefilini kukhwapa, kachitsulo kovalira nsapato m'thumba la jekete. Asizasi anayang'ana Aulusi. A Sabetay, amene anali atavala kale zawo, anagwira thumba momwe munali sizasi. A Mushon sanapereke moni kwa munthu. Anapinda malaya, nakhazika kabokosi pamwamba pa chigongono, nanena mdalitso, nayamba kuzunguliza lamba, anthu asanu ndi anayi akuwerenga ndi milomo yokha. Atakwana kasanu ndi kawiri, lamba anafika pa ulusi. A Mushon anatulutsa kachitsulo kaja n'kukalowetsa pansi pa ulusi, ulusi n'kutukuka pang'ono, ndipo a Presiado anamveka akukoka mpweya chifukwa anali atazindikira nzeruyo.

Koma apa m'pamene ngwazi inaona chimene sinachiganizire kunyumba. Nsapato imakhala pamiyendo, munthu n'kukhala ndi manja awiri. Pano dzanja limodzi linali lomangidwa, linalo linagwira kachitsulo, ndipo lolowetsa lamba panalibe. Akasiya kachitsulo, ulusi unkabwerera pakhungu. Akagwira lamba ndi mano, mano ake ati? Ndipo kupempha thandizo sakanatha, pakuti ka pamphumi kanali kasanakhazikidwe, ndiye pakamwa panali potseka ndi lamulo. Anaima choncho pakati pa sunagoge, thukuta lili kamukamu, mfundo za a Zimbul zikukokeka, ulusi ukuoneka kuti uduka nthawi ina iliyonse.

Palibe anasuntha, chifukwa Aulusi ankaopa Diso Losaphethira. Amene anasuntha ndi mwini diso. A Sabetay anatsika pasitepe, nayenda pang'onopang'ono monga ankayendera m'sitima, naima pamaso pa alamu awo. A Mushon anatseka maso kudikira kulira kwa sizasi. Chimene anamva ndi zala zozizira zikugwira nsonga ya lamba.

"Musagwedezeke, mudula," anatero a Sabetay chapansipansi. "Mkono ngati wa ng'ombe."

Analowetsa nsongayo pansi pa ulusi n'kuyamba kukoka, chikopa chikutsetsereka pakhungu lenileni. Lamba wa tefilini ndi wautali, ndipo pokoka komaliza anatambasula dzanja lamanja mpaka batani la malaya, limene masiku onsewa linali lomangidwa mpaka kuluma, linathothoka n'kugubuduka pansi. Mkono wa malaya unatsetsereka. Pamkono wamanja wa Mboola-Matikiti, mdani wa miyambo ya anthu akunja, panali ulusi wofiira ndi woyera, wa mfundo zitatu.

Inu amene mumalemba za masautso a ngwazi, lembani ili pamwamba pa onse. A Mushon anauona ulusiwo. Mawu anadzaza m'kamwa mwawo, mawu okoma, akuthwa, oti akanasimbidwa kunyumba ya khofi mpaka m'badwo wachitatu. Ndipo sakanatha kutulutsa ngakhale limodzi. Masaya anafufuma, maso anatuzuka, koma lamulo lomwe lija limene a Sabetay ankalilondera linawatchinjiriza mwini wake. A Mushon anatenga kabokosi kachiwiri, nakakhazika pamphumi, nakonza mfundo yake kunkhongo, namaliza kukulunga lamba pachala. Pofika nthawi imene pakamwa panatseguka, anali atayang'ana nkhope ya alamu awo nthawi yokwanira kuona kuti munthuyo wachepa thupi, ndipo maso ake ndi ofiira ngati awo omwe.

"Maluwa a pawindo aja ndi amenewa?" anafunsa.

"Ndi amenewa."

"Nanga nkhondo yonseyi?"

"Ndimaopa, alamu," anatero a Sabetay, akukokera malaya pansi. "Ndimati tikapemphera china chake chili cholakwika, pemphero lake la Zimbul likakanidwa pakhomo. Ndili ndi mlongo mmodzi."

Agogo Rahamim anadzutsidwa, nawaonetsa mkonowo. Anauyang'anitsitsa, nalowetsa chikhadabo pakati pa lamba ndi khungu, napeza kuti palibe kanthu. "Nanga mumakanganirana chiyani?" anafunsa. Kabati inatsegulidwa, mpukutu unatuluka, ndipo dzina la Zimbul mwana wa Luna linatchulidwa mokweza kwambiri moti ngakhale agogowo analimva.

Pangano la mtendere linasindikizidwa tsiku lomwelo kunyumba ya khofi, matebulo awiri aja atalumikizidwa. Panali tinthu ta ufa tokhala ndi tchizi m'kati, mazira ofiirira ndi rakiya, kachasu wa kuno. Kachitsulo kovalira nsapato kanakwezedwa paudindo, kanapatsidwa msomali wakewake pakhoma la sunagoge pafupi ndi makiyi, ndipo a Sabetay anasankhidwa kukhala Mkulu Wolowetsa Lamba, ntchito imene ankaigwira m'mawa uliwonse akudandaula za kunenepa kwa mkonowo. Nsapato ya a Vitali inanyamulidwa pambale kupita nayo kokasokedwa, eni ake akutsatira pambuyo ndi phazi limodzi la sokosi.

Patatha milungu iwiri, Lachitatu lina atangotuluka m'mapemphero, anamva phokoso ngati la timitengo tikugundana. Pa chumuni cha fakitale ya fodya panaima dokowe, mwendo umodzi m'mwamba, wooneka wotopa ndi wonyansidwa ndi ulendo. Amuna khumi anavula zipewa. A Sabetay anatulutsa sizasi mwaulemu.

"Tsopano nthawi yakwana, alamu. Mwambo ukuti ukaona dokowe umasule, ukamange pamtengo wa maluwa."

"Mwambo wa anthu akunja uja?"

"Mwambo ndi mwambo."

"A Zimbul anati akabwera dokowe nawonso abwera. Ndaona mmodzi. Wanu dulani, wanga ayi."

"Mukuswa lamulo la ulusi."

"Ulusi ulibe tikiti, munanena nokha."

Nkhondo yachiwiri inali pafupi kubuka, ndipo a Vitali anali atayamba kale kuyang'ana mbali yoti aime. Koma a Sabetay anayang'ana sizasi, nayang'ana mkono wawo, n'kuibweza m'thumba. Kuyambira tsikulo awiriwo ankapita limodzi kokwerera basi masana alionse, n'kukhala pabenchi akutsutsana za nyengo. Basi inabwera masiku asanu ndi limodzi yopanda a Zimbul, ndipo tsiku lililonse a Mushon ankabwerera kunyumba ulusi ukuwalemera.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, kutatsala masiku atatu kuti Pasika iyambe, anatsika mayi wina wochepa thupi, jasi ikumukulira, atanyamula yekha chikwama chifukwa anali atakana kale thandizo la kondakitala. Anaima, napuma mpweya wonse mpaka pansi osatsokomola, nayang'ana ngwazi ziwirizo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda nonse. Ndipo taonani ulusi wakewo, wada ngati chingwe cha nsapato. Adokowe anabwera kalekale, simunawaone?"

Anatenga sizasi m'thumba la achimwene awo osapempha, nadula wa a Sabetay, nadula wa a Mushon, n'kuponya zonse m'chikwama. A Mushon anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka ndi funso limene linawavuta mwezi wathunthu.

"Mayi, inu ndinu mwana wa m'nyumba yodziwa malamulo. Achimwene anu munawamanga kumanja. Ine bwanji kumanzere?"

"Achimwene ndikanawamanga kumanzere akanadzithamangitsa okha m'sunagoge."

"Nanga ine?"

"Inu mkono wamanja mumauyang'ana mukamasoka. Wamanzere mumauyang'ana mukamapemphera. Ndimafuna muzindipeza kumeneko." Anawapatsa chikwama. "Tiyeni, ndikaone zimene mwachita ndi khitchini yanga."

M'mawa mwake m'sunagoge munali amuna khumi. A Mushon anapinda malaya, nazunguliza lamba kasanu ndi kawiri, ndipo atafika pomwe panali ulusi anapeza kamzere koyera pakhungu, popanda chotchinga chilichonse. Atakweza maso anaona a Sabetay ataima kale pambali pawo, kachitsulo kovalira nsapato kali m'manja. Poti kuyankhula sakanatha, a Mushon anangotambasula mkono, ndipo alamu awo anawakulungira lamba padzanja.